Ziuno za Mabwana Zitafufutika

Dzina lawo lenileni lili pa satifiketi imene inapachikidwa pakhoma la shopu, koma mumsewu wonsewo palibe amene amavutika nalo. Amangoti Mayi Mawa. Analipata akadali mtsikana, akupalasa makina obwereka pakhonde la sitolo ya eni ake, chifukwa aliyense wodzatenga chovala ankalandira yankho limodzi: bwerani mawa. Anakwatiwa nalo dzinalo, anabereka nalo mwana mmodzi wamkazi, analira nalo maliro a amuna awo, ndipo pamene ankalowa m'chipinda chawochawo cha chitseko chagalasi, wolemba zikwangwani sanafunse n'komwe choti alembe. Koma tinene chilungamo, mawa lawo linkafika. La matelala ena limagwera chaka chinacho. Lawo linkangozemba tsiku limodzi, ndipo chovala chikatuluka chinkakhala pathupi ngati unabadwa nacho.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa telala wina wokalamba amene chaka choyamba sanawalole kusoka kanthu. Ankangowapatsa zolakwika za anthu ena kuti asomole, ndipo posomolapo anadziwa malo onse amene chovala chimagonjera thupi. Sukulu anailekezera panjira, choncho monga ambiri otero ankalemekeza chilichonse chokhala ndi chidindo. Kasitomala wolalata ankamubweza pakhomo osaphethira, koma kalata ya ku ofesi ankailandira ndi manja awiri.

M'shopumo munali makina atatu, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, katani yobisalako poyesa zovala, ndi mlamu wawo, mlongo wa malemu, amene ankasita, kusokerera mabatani ndi kupereka ndemanga pa aliyense wodutsa pagalasi. Kuseri kwa chitseko kunali msomali, pamsomalipo waya, pawayapo timakatoni todula ku mabokosi a sopo. Kakatoni kalikonse kanali munthu: mapewa, chifuwa, chiuno, kutalika kwa mkono ndi mwendo. Chuma cha telala si makina, makina amagulidwa. Chuma chake ndi kudziwa kuti mayi uyu phewa lina n'lotsika, bambo uyu khosi alibe.

Tsiku lina ofesi yotukula amalonda ang'onoang'ono inawaitanira ku maphunziro a Malonda Opanda Pepala. Pakhomo la holo aliyense analandira mtolo wa mapepala ofotokoza nkhaniyo, n'kusaina pamapepala ena kuti walandiradi. Ankaphunzitsa anali wachiwiri kwa mkulu wa ofesiyo, bambo wa tayi yofiira amene onse ankangowatchula kuti a Wachiwiri. Iwo anati pepala limapsa, limanyowa, limadyedwa ndi chiswe. Munthu wamakono amasunga za bizinesi yake kumtambo, kutanthauza m'makompyuta akuluakulu a kampani yakutali, kumene foni yako imatumiza zinthu kudzera pa intaneti. Kumeneko kulibe moto, kulibe wakuba, kulibe khoswe.

Pa khoswe m'pamene Mayi Mawa anagwidwa mtima, chifukwa khoswe anawadyerapo kwaya yathunthu ya mpingo wina, n'kuwasiyira wa besi mmodzi. Anabwerako ndi satifiketi, nakhala masiku ambiri akulowetsa timakatoni tija m'foni, kamodzikamodzi, ndi chala chozolowera singano. Atamaliza anatsitsa waya uja. Mlamu anatulukira kuti timakatoni timayatsa bwino simbi yamakala magetsi akathima, ndipo m'miyezi yochepa makasitomala onse akale anathera m'simbimo.

Zinayenda, tisaunamizire mtambo. Ali kogula nsalu ankangotsegula foni n'kudziwa kuti pakufunika mamita angati. Foni itagwera m'ndowa anagula ina, ndipo anthu awo onse anatsika okha kudzalowa m'yatsopanoyo, osasowapo ndi mmodzi yemwe. Mayi Mawa anayamba kuwamvera chisoni matelala anzawo a makope ong'ambika.

Ofesi ija sinaiwale ophunzira ake. Inkamanga nyumba yatsopano, ndipo komiti inagamula kuti patsiku lotsegulira ogwira ntchito onse, kuyambira Bwana Wamkulu mpaka mesenjala, adzavale masuti amtundu umodzi. Ntchito inagwera Mayi Mawa. Kuyeza kunachitikira m'chipinda cha misonkhano, kunatsegulidwa ndi mawu a wapampando, kunatsekedwa ndi zoziziritsa kukhosi, ndipo kunalembedwera lipoti. Miyeso yonse inakwera kumtambo. Kenako anayamba kudikira nsalu. Pepala lovomereza kugula nsaluyo linanyamuka ulendo wa bilimankhwe kuchoka tebulo ili kupita tebulo ilo. Mvula inagwa, inasiya, nyumba inafoleredwa, nsalu osaoneka.

Pakati pa kudikirako mwana wawo anamaliza maphunziro a unamwino. Pamwambo wake, mayi atakwera pampando kuti ajambule, foni inati yadzaza. Mzere unali ukusendera, mwana watsala pang'ono kuitanidwa. Anayang'ana chimene chinkadya malo, napeza kuti ndi miyeso ija pamodzi ndi zithunzi za masitayilo. Anaganiza monga aliyense akanaganizira: izi zili kale kumtambo, pafoni pano n'zongopanikiza. Foni inafunsa kafunso m'tizilembo ting'onoting'ono, iwo anadina povomera, monga timadinira tonsefe. Vidiyo inatuluka bwino kwambiri.

Nsalu inafika kutatsala masabata ochepa, mipukutu ya buluu woderako, yoyezedwa ndendende ndi anthu oopa kuti telala angasokerepo mdzukulu. Mayi Mawa anayala mpukutu woyamba patebulo, choko kukhutu, sizasi pambali, n'kutsegula foni. Munalibe kanthu. Anazimitsa, nayatsanso. Anatuluka panja pamene netiweki imagwira bwino, nakweza foni m'mwamba ngati akuimitsa basi. Munalibebe kanthu.

Wokonza mafoni wa chipinda choyandikana anafufuza pakompyuta yake kwa kanthawi, kenako anavula magalasi.

"Achemwali, munafufuta liti?"

"Ine kumtambo sindinafufute. Ndinafufuta pafoni."

"N'chimodzimodzi. Mtambo wanuwu ndi kalilole. Mukavula duku, wa m'kalilole uja amavulanso, sakusungirani lake."

"Ndiye kusunga kwake kuli pati?"

"Foni ikatayika, amakusungirani. Mukataya nokha, amakuthandizani kutaya. Amaziika kaye m'bini kwa mwezi kuti mwina musinthe maganizo. Mwezi wanuwo unatha kalekale."

Mayi Mawa analembera kampaniyo. Inayankha nthawi yomweyo, mwaulemu woopsa, kuti ikumvetsa mmene akumvera, n'kuwafunsa ngati yankholo lawathandiza.

Mayi Mawa anakhala pampukutu wa nsalu, manja pamasaya. Makasitomala akale sankadetsa nkhawa, amenewo amabwera ndi matupi awo. Koma nsalu ya ofesi sinali yodula kawiri, ndipo pangano linanena poyera kuti wolephera adzaikidwa m'gulu la osayenera kupatsidwanso ntchito. Mbiri yotero imathamanga. Masukulu amva, makwaya amva, chitseko chagalasi chibwerera kwa mwini nyumba, ndipo iwo abwerera pakhonde la eni ake ndi imvi kumutu.

Anavala diresi labwino n'kupita kwa a Wachiwiri.

"Sizingatheke," anatero a Wachiwiri. "Kumtambo sikusowa kanthu. Zili m'mapepala aja, munasainira."

"Zasowa, bwana. Ndikungopempha kanthawi ndi tepi yanga, ndiwayezenso anthuwa."

"Kuyeza kunachitika kale, mayi. Lipoti linadindidwa. Chinthu chimene chinachitika sichingachitikenso. Oyendera mabuku adzafunsa kuti choyambacho chinali chiyani."

"Nanga titani?"

"Komiti ikhoza kuona."

"Ikumana liti?"

"Tikatsegulira nyumba. Chipinda chake chili m'nyumba yatsopanoyo."

Kenako a Wachiwiri anasuzumira kukhomo n'kutsitsa mawu. "Zimene mwanenazi ine sindinazimve. Mukazilemba ndizimva, ndipo ndikazimva ntchito ichoka m'manja mwanu. Ndikukuthandizanitu pamenepa." Ndipo ankakhulupiriradi kuti akuthandiza.

Mlamu anamvetsera nkhaniyo simbi ili m'manja.

"Ndiye akuti mabwana sayezedwa kawiri?"

"Ati lamulo."

"Alamu, mwamuna amayezedwa sabata iliyonse. Amamuyeza ndi amene amamuchapira. Ine abambo akunyumba ndikangoyanika thalauza lawo ndimadziwa ngati ayamba kudya kwina."

Mayi Mawa anachotsa choko kukhutu.

Theka la akazi a mabwanawo anali makasitomala awo, theka linalo anali anzawo a makasitomalawo. Uthenga unayenda pakamwa: pokonzekera mwambo, shopu ikukonza mwaulere zovala za kuntchito za amuna anu, zipi, batani, thumba lobooka. Mubweretse thalauza ndi jekete zimene akuvala panopa, osati zaukwati. Mawu oti ulere ali ndi miyendo. M'mawa mwake pakhomo panali mzere wa amayi ndi majumbo, ndipo shopu inasanduka bwalo la milandu.

"Ili akuti ndinalifupikitsa pochapa. Lingafupike m'mimba mokha?"

"Anga amamangira pansi pa mimba, mayi, muyeze pamenepo. Pamwamba anasamukapo kalekale."

"Jekete ili musalikhulupirire, samanga mabatani. Tengani shati."

"Inu anu bola amakula cham'mbali. Anga akukula chakutsogolo, nsapato amavala mongokumbukira."

Mayi Mawa ankayala chovala chilichonse patebulo ngati dokotala ndi wodwala. Thalauza silidziwa kunama. Pamene lawala m'pamene limakhulana, pamene msoko wamwetulira m'pamene pakufunika malo, ndipo lamba, kwa amene anabweretsa lamba, ankaloza yekha bowo limene likugwira ntchito. Ankayeza, kulemba, n'kuponyera mlamu kuti asokerere batani lolonjezedwalo. Amayi ogwira ntchito muofesimo sanafunike nzeru zonsezo. Mlembi wa Bwana Wamkulu atauzidwa zoona anaseka mpaka misozi, ndipo nthawi ya nkhomaliro ankabwera ndi anzake awiriawiri, aliyense akuti mwachita bwino mayi, ine za ulendo uja zinasintha. Mesenjala analibe mkazi, analibenso thalauza lachiwiri. Kuyezedwa anakana poopa lamulo, koma kuvula analola, ndipo anakhala kuseri kwa katani atadzikulunga chidutswa cha nsalu, akufunsa ngati zatha.

Muyeso uliwonse tsopano unkagona malo atatu. Unkakwera kumtambo monga kale, chifukwa mayiwo sanakwiye mpaka kutaya chinthu chothandiza. Poweruka wokonza mafoni ankaukopera mufulashi, imene inkapita kunyumba itamangiriridwa kumakiyi. Ndipo waya anabwerera pamsomali. Mlamu anauzidwa kuti akadzayandikitsanso machesi kukakatoni, azidzasita ndi chikhatho.

Sizasi inayamba kulira. Anaitana matelala awiri a pakhonde kudzathandiza, makina osapuma, masuti akudzaza khoma kuyambira kuchitseko. Odzatenga madiresi awo ankangosuzumira n'kubwerera okha osadikira yankho. Koma pakona ya tebulo panatsala chidutswa chomaliza, chokwana suti imodzi, ndipo palibe ankafuna kuchiyang'ana. Chinali cha Bwana Wamkulu. Iwowo akazi awo anamwalira, ndipo zovala zawo zinkapita kochapitsa pagalimoto, ndi dalaivala amene sankayankha ngakhale moni.

"Ingoyezani ndi maso," anatero mlamu.

"Maso aone chiyani? Munthu amachoka m'nyumba kulowa m'galimoto, kuchoka m'galimoto kulowa kuseri kwa tebulo. Tsiku loyeza lija ndinagwira ofesi yonse, ndikumbuke mimba iti?"

"Chithunzi chawo chili pakalendala."

"Chimenecho anajambulitsa akadali ndi khosi."

Suti ya mesenjala ikathina, anthu amaseka n'kuiwala. Ikathina ya munthu woima kutsogolo, pambali pa mlendo wolemekezeka, amafunsa kuti wasoka ndani. Mayi Mawa anapinda tepi n'kuiika m'chikwama. Mlembi uja anawalowetsa nthawi imene a Wachiwiri anali kumsonkhano wokonzekera msonkhano wina.

Bwana Wamkulu anali atadzaza mpando wawo mpaka m'mbali. Mayi Mawa anakana kukhala. Anaima manja kutsogolo n'kunena zonse: za foni, za mwambo wa mwana, za kudina. Za mathalauza sananene, zimenezo zinali za m'mabanja. Anamaliza ndi kuti ngati ntchito ichoke m'manja mwawo ichoke, koma nsalu ya anthu sangaidule mongoganizira.

Bwanayo anazunguza cholembera patebulo.

"Mukuti miyeso ija inafufutika?"

"Eya, bwana."

"Yonse? Ndi wanga womwe?"

"Ndi wanu womwe."

"Palibe katswiri angaubweze? Ngakhale a kampaniyo?"

"Tinayesa, bwana. Unapita."

Anadzuka, napita kuchitseko, nakhoma ndi kiyi. Potembenuka nkhope yawo inali ya munthu amene adokotala amuuza kuti chotupacho n'chithupsa chabe.

"Mayi, mwanditula katundu. Tsiku lija munandiyeza pamaso pa ana onsewa, inu mukutchula manambala mokweza ngati m'kalasi. Munthu ndikanatani? Ndinakoka mimba mpaka m'maso kuchita mdima. Ndipo chiyambire pamenepo ndakhala ndikutsegulira maphunziro uku ndi uku, ndiye maphunziro alionse ali ndi nkhomaliro yake. Suti imeneyo ndimachita kuilota."

"Kwezani manja, bwana."

Tepi inazungulira. Mayi Mawa anaona kuti chifuwa chakwera, mitsempha ya pachipumi yaima.

"Pumani, bwana."

"Ndipume?"

"Pumani ndithu. Ana aja kulibe."

Anapuma. Tepi inatsetsereka m'zala za telala, n'kupitirira, n'kupitirirabe, mpaka inakaima pamalo pamene manambala ake anali akadali atsopano. Iwo anatsina pamenepo ndi chikhadabo, osatchula kanthu, n'kulemba pakakatoni.

"Nambala imeneyo isakwere kumtambo kwanuko," anatero bwanayo akukonza lamba.

"Ikwera, bwana, koma yopanda dzina. Ndilemba kuti nsalu ya patebulo."

Bwanayo anaseka mpaka mlembi anagogoda kufunsa ngati kuli bwino.

Masuti anaperekedwa dzulo lake la mwambo. A Wachiwiri anavala yawo, nadzizunguliza pagalasi la kabati, nati, "Mwaona, mayi? Mantha aja anali achabe. Zinthu zikakwera zakwera." Mayi Mawa anawathothola kaulusi paphewa n'kuthokoza chifukwa cha maphunziro.

Patsikulo anaima kumbuyo kwenikweni, padzuwa, pakati pa madalaivala, mlamu ali pambali ndi ambulera. Ogwira ntchito anatuluka pamzere, buluu yekhayekha. Amuna amene kwa zaka anazolowera kuyenda atagwira mpweya anali akupuma, akukweza manja kupereka moni, akukhala pansi osayamba amasula batani. Mesenjala ankayenda ngati nyumbayo wamanga ndi iyeyo. Akazi awo m'tenti ankagwedezerana mitu, aliyense akuloza wake ndi milomo. Zoyankhula zinatalika monga mwa lamulo lake, riboni inadulidwa. Kenako woyendetsa mwambo analengeza chinthu chimene sichinali m'pangano la telala: Bwana Wamkulu adzala mtengo wachikumbutso, ndi manja awo.

Dzenje analikumba anthu ofuna kuyamikiridwa, choncho linali lakuya. Bwanayo analandira kamtengo, nayang'ana dzenjelo, napereka msana kutenti yonse, kwa mlendo wolemekezeka ndi kwa ojambula. Mayi Mawa anagwira mkono wa mlamu. Msoko wakumbuyowo anausoka okha, anaubwereza, anausiyira malo, komabe nsalu ndi nsalu. Bwanayo anawerama. Anapitiriza kuwerama. Anafikitsa kamtengo pansi, nakwirira ndi manja onse awiri, ndipo atamva kuti kumbuyo kuli zii, anawonjezera dothi lina losafunikira.

Palibe chinalira.

Anthu asanauzidwe kuti nthawi yowomba m'manja yakwana, kumbuyo kunamveka manja a munthu mmodzi, a zikhatho zolimba ndi sizasi. Alonda anatembenuka. Madalaivala, poganiza kuti pali chimene chawadutsa, anayamba kuwomba nawo, tenti inatsatira, ndipo Bwana Wamkulu anaweramuka, nakweza dzanja kulandira ulemu wa kamtengo kawo. Wina anawapatsa kheni yothirira.

"Alamu, basi, manja atupa," anatero mlamu. "Anthu aziti mtengowo ndi wanu."

"Asiyeni aziti," anatero Mayi Mawa, akuwombabe. "Taonani, akuweramanso. Weramani, bwana, weramani!"